Mipeni ya sipuling'i ikung'aluka ndikaiviika, ndikulakwitsa pati?

Mbewe, Mufakose

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikusula mipeni ya kukhitchini ndi tinkhwangwa ting'onoting'ono kuchokera ku masipuling'i akale a galimoto, aja ogula ku Magaba ku Mbare, kuno ku Harare. Kusula kwenikweniko kukuyenda bwino, nkhani yavuta poviika. Pa mipeni isanu ya sabata ino, itatu yang'aluka. Iwiri yang'aluka chopingasa, kuyambira kukamwa kulowera kumsana, ndipo ndinaimva ikulira kuti "thi" ikadali m'madzi. Wachitatu wang'aluka motsata utali, pafupi ndi kamchira kolowa mumpini. Pa iwiri yopulumukayo, wina wapindika ngati nthochi, winayo wabenthuka kukamwa nditangodula fupa la nkhuku.

Ndimachita chonchi. Sipuling'i yake ndi ya mamilimita 8 kuchindikala, 60 m'lifupi. Moto ndi wa makala mu rimu ya galimoto, mphepo ikuchokera pansi ndi kamakina koumitsira tsitsi. Ndimagwira masana pabwalo. Ndikamaliza kusula ndimapala ndi girayinda mpaka mpeni utatsala pang'ono kuthwa, kenaka ndimauwotcha mpaka ufike mtundu wa lalanje, n'kuumiza m'ndowa ya madzi a pampopi. Ukazizira ndimangonola basi. Kodi vuto ndi chitsulocho, madziwo kapena motowo?

Phiri, Highfield

A Mbewe, mwafotokoza bwino moti matenda akuonekera m'mawu anu omwewo. Chachikulu ndi madziwo. Masipuling'i ambiri a galimoto ndi chitsulo cha mtundu wa 5160 kapena achibale ake: kaboni wa pafupifupi 0.6 peresenti ndi chromium wosafika 1 peresenti. Chromium ameneyo amachititsa kuti chitsulo chilimbe ngakhale chitazizira modekha, n'chifukwa chake chimafuna mafuta. Madzi amachidzidzimutsa. Kukamwa, poti n'kopyapyala, kumauma nthawi yomweyo msana ukadali wamoto. Msana ukayamba kuzizira ndi kukokana, kukamwa kouma kuja sikungathenso kutsatira, ndiye "thi" munamva uja.

Motonso wapyola. Dzuwa limabisa kuwala kwa chitsulo, moti chimene mukuchiona ngati lalanje masana chikhoza kukhala chitafika madigiri 1,000 a Celsius kapena kuposa. Sipuling'i imafuna 830 mpaka 850 basi. Viikani madzulo dzuwa litalowa kapena m'mamawa kusanayere, pansi pa shedi yotseguka m'mbali. Musakafune mdima m'chipinda chotseka, mpweya wa makala umapha munthu osanunkha n'komwe.

Kuti mudziwe moto woyenera, mangirirani ku waya maginito a m'sipika yakale. Chitsulo chikafika madigiri 770 maginito amaleka kugwira. Pamenepo mwangoyandikira, simunafike. Mchere wa kukhitchini umasungunuka pa 801, ndiye ikani timibulu ta mchere pa kachidutswa koyesera, muone mtundu wa chitsulo pamene mchere ukusanduka madzi, muusunge m'maso. Moto woviikira uli pamwamba pang'ono pa umenewo, kufiira kowala kosafika pa lalanje. Kukakhala mdima mudzaona ngati tizithunzithunzi takuda tikuyendayenda m'chitsulo chofiiracho. Tikangotha tonse, mpeni wapsa mofanana. Usungeni pa moto womwewo mphindi ziwiri kapena zitatu osaonjezera mphepo.

Nsonga ndi kukamwa ndizo zimayamba kupserera. Gonekani msana pansi kumene kuli moto, kukamwa kuyang'ane kumwamba, muziyendetsa mpeni kutsogolo ndi kumbuyo kuti nsonga izitulukako pamoto. Njira yabwino koposa ndi kukwirira m'makala paipi yakuda ya mamilimita 50, yotseka kumbuyo, n'kuwotchera mpeni m'kati mwake. Moto umazungulira mofanana, ndipo mukaponyamo kakhala kamodzi kamadya mpweya wotsalira m'paipimo, mpeni n'kutuluka wopanda makoko ambiri.

Mafuta ake ndi ophikira wamba, a mpendadzuwa kapena a soya, malita 4 kapena 5 pa mpeni wa kukhitchini. Chotengera chikhale chachitsulo. Paipi ya masentimita 10 m'mimba mwake ndi 50 kutalika, yowotcherera pa chitsulo chaphanthiphanthi kuti isagwe, imalowa pafupifupi malita 4. Mafutawo atenthetseni kaye pomizamo chitsulo chamoto mpaka afike madigiri 50 kapena 60, poti chala chimapirira kamphindi kochepa chabe. Zimamveka zozondoka, koma mafuta ofunda ndi amene amaziziritsa msanga chifukwa amayenda mopepuka. Ozizira, monga a m'mawa wa June kuno, amalemera n'kumakangamira pachitsulo, ndipo mpeni umalimba mwa apo ndi apo.

Kuchoka pamoto kufika m'mafuta pasadutse masekondi awiri, choncho chotengera chikhale pafupi ndi dzanja la mbaniro. Lowetsani choimika, nsonga patsogolo, mpeni wonse umire. Gwedezani chokweza ndi chotsitsa, kapena ngati mukucheka mafutawo. Osapalasa cham'mbali ngati nkhafi, chifukwa mbali imodzi imazizira msanga kuposa inzake ndipo nthochi ija imabadwira pamenepo. Chivundikiro chikhale pompo. Mafuta akayaka vundikirani, osathira madzi.

Kukamwa musamakupale mpaka kuthwa. Siyani mamilimita 1 mpaka 1.5, kunola ndi ntchito yomaliza. Mpeni ukazizira yesani ndi tupa: ngati walimba mumamva kutsetsereka ngati mukupala galasi. Kukaluma pang'ono poyamba musafulumire kutaya mtima, pamwamba pamakhala kakhungu kamene kataya kaboni pamoto. Palani pang'ono muyesenso.

Banda, Mbare

Zimene anena a Phiri n'zoona, koma mng'alu wachitatu uja, wotsata utali, ine sindikuuika pa madzi. Woterowo kawirikawiri umabwera ndi sipuling'iyo, kapena umabadwa ndi nyundo, madzi amangouulula.

Sipuling'i imene yafika ku Siyaso, msika wa zitsulo wa ku Magaba kuja, yagwira kale ntchito zaka zambiri, kupindika ndi kuwongoka m'misewu ya maenje itasenza katundu. Imakhala ndi timing'alu tosaoneka ndi maso. Pogula, yothyoka isiyeni, chifukwa inathyoka itatopa yonse. Ya dzimbiri lokumba timaenje isiyeninso. Ikolekeni pa waya muimenye ndi kachitsulo: yamoyo imalira nthawi yaitali, yong'aluka imangoti "phwa". Kunyumba dulani n'kutaya masentimita 5 mbali zonse za bowo la bawuti wa pakati, ndi paliponse pamene panadyeka pokhuzana ndi inzake. Chidutswa chimene mukufuna kusula chipaleni chiyere, chigone mu viniga usiku wonse. M'mawa mng'alu umaoneka ngati katsitsi kakuda. Umaonekanso chitsulo chikangoyamba kufiira pamoto woyamba, kamzere kakuda pakati pa kufiira. Mukauona musavutike nacho, mng'alu sutsekeka ndi nyundo.

Chinanso, sipuling'i ilibe chizindikiro chonena kuti ndi chitsulo chanji, ndipo si zonse zili 5160. Choncho sipuling'i iliyonse yatsopano pachipala iyesedwe payokha musanaitayire tsiku. Sulani kachidutswa kafike mamilimita 3 kapena 4, mukadule patatu. Kena kaviikeni maginito atangoleka kugwira, kena pamwamba pang'ono monga anenera a Phiri, kachitatu pa lalanje wanu uja. Panani kalikonse mu vayisi, phimbani ndi chiguduli, valani magalasi, thyolani ndi nyundo. Yang'anani pothyokapo. Pakakhala potuwa ndi posalala ngati ufa woyera, moto unali wabwino. Pakakhala timibulu tonyezimira ngati shuga kapena mchenga wa kumtsinje, munapyoza moto, ndipo mpeni wotero umabenthuka ngakhale muuchite zotani pambuyo pake. Kakapindika osathyoka ndiye kuti sikanalimbe. Thyolaninso umodzi wa mipeni yanu yong'alukayo, ndikukhulupirira mupeza shuga.

Posula, sipuling'i si chitsulo cha mageti chimene mumamenya mpaka chide. Yambani kumenya ikafika lalanje wowala, madigiri a m'ma 1,050 mpaka 1,100, mulekeze ikatsikira pa kufiira wamba. Kumenya itada ndiko kumang'amba m'kati, makamaka pokoka kamchira, pamene chitsulo n'chochepa ndipo chimazizira msanga pa chosulirapo. Ikayamba kulavula mbaliwali zake zokha ili pamoto, yapserera, dulani pamenepo mutaye. Musaiviikenso m'madzi pakati pa ntchito pofuna kugwira ndi manja. Nyundo zigwe zofanana mbali zonse ziwiri, apo ayi mpeni umakumbukira mbali imene inamenyedwa kwambiri n'kupindikira komweko poviika.

Chimene sindinachione m'ndondomeko yanu ndi kupumitsa chitsulo mukamaliza kusula. Moto wosulira umakulitsa timibulu ta m'kati, ndipo kupumitsa ndiko kumatibweza pa ufa. Chitani katatu. Koyamba wotchani kupyola pang'ono moto woviikira, cha m'ma 880, tulutsani, gwirani ndi mbaniro kapena kolekani pamalo opanda mphepo mpaka chide. Kachiwiri pa moto woviikira weniweniwo. Kachitatu maginito atangoleka kugwira. Osachigoneka pa simenti kapena pa chosulirapo, mbali ya pansi imazizira msanga. Zonsezi sizitha mphindi 20. Ngati pali mabowo oti muboole pakamchira, wotchaninso chifiire mwakuda maginito akugwirabe, chikwirireni m'phulusa louma chizizire chokha, ndipo boolani musanaviike.

Pamene mpeni ukukumana ndi kamchira pasakhale ngodya yakuthwa. Zungulizani ndi tupa wozungulira, ngati mamilimita 3. Mikwasa ya girayinda yoyenda kuchokera kumsana kupita kukamwa nayonso ndi njira zokonzeka kale za mng'alu. Ifufuteni ndi sandipepa ya 120, mukukhula motsata utali wa mpeni.

Nankhoma, Dzivarasekwa

Achimwene a Mbewe, mawu anu aja akuti "ukazizira ndimangonola basi" ndi amene abenthula mpeni pa fupa la nkhuku. Chitsulo chongotuluka m'mafuta n'cholimba koma n'chaukali ngati galasi, ndipo m'kati mwake chimakhala chikukokana. Chimatha kung'aluka chokha chili pa tebulo usiku. Chiyenera kubwerera pa moto wochepa kuti ukaliwo uphwe, ndipo zichitike tsiku lomwelo, mpeni ukangozizira poti n'kuugwira ndi dzanja. Osadikira mawa.

Ngati magetsi alipo, uvuni ya kukhitchini ndi imene imachita bwino ntchitoyi. Tsukani mafuta onse ndi sopo, khulani mbali imodzi iyere. Uvuni itenthe kaye mphindi 30 mpeni usanalowe. Manambala a pa chopotokola cha uvuni musawakhulupirire, amatha kuphonya ndi madigiri 20 kapena kuposa, ndipo moto wake umakwera n'kumatsika. Ikanimo choyezera kutentha cha mu uvuni, ndipo mpeniwo muukwirire m'thireyi ya mchenga wouma wotentha kale, mchenga umasunga moto wokhazikika. Mpeni wa kukhitchini: madigiri 190 mpaka 205, maola awiri, uzizire, kenaka maola ena awiri. Chikwanje ndi nkhwangwa, zimene zimamenya, zimafuna 240 mpaka 260. Yang'anani kaye ndandanda ya kuthima kwa magetsi ya ZESA, kampani ya magetsi, musanayatse makala, kuti tsiku loviika likhale loti magetsi akhalitsa.

Magetsi akakhala palibe, gwiritsani mitundu. Chitsulo choyera chikamatentha chimasintha khungu motsatana: chimayamba mtundu wa udzu wouma cha m'ma 210 mpaka 220, kenaka wa uchi cha m'ma 240, kenaka wa tiyi wopanda mkaka cha m'ma 255, pepo cha m'ma 275, buluu cha m'ma 300. Ntchito iyi yokha ndiyo ifuna kuwala kwa masana. Wotchani chitsulo chochindikala, monga chidutswa cha ekiselo, chifiire mwakuda, chichotseni pamoto. Gonekanipo msana wa mpeni, kukamwa kuli m'mwamba, nsonga itatulukira kunja chifukwa imathamanga kutentha. Mudzaona mitundu ikukwera kuchokera kumsana. Udzu wouma ukangofika kukamwa, mizani m'madzi. Apa madzi alibe vuto, moto wake ndi wochepa. Khulaninso muyere, bwerezani mpaka katatu, chifukwa njira iyi ndi yachangu ndipo ulendo umodzi sufika m'kati. Kukoma kwake n'kwakuti msana umafika pa buluu n'kukhala wopirira, kukamwa kuli kolimba. Mitundu ikathamanga mpaka buluu kufika kukamwa, mpeniwo wafewa. Palibe kuchitira mwina, muupumitse n'kuviikanso.

Mafuta ngakhale a m'zala amasokoneza mtundu, choncho mukakhula musagwirepo.

Mukamaliza, palani kukamwa kufike pothwa, koma pa girayinda muziviika m'madzi pafupipafupi ndipo musavale magolovesi, kuti zala zizikuuzani kutentha. Kukamwa kukangooneka buluu pa girayinda, pamenepo pafewa. Poyesa, kanikizani kukamwa cham'mbali pa msomali kapena kachitsulo kozungulira, mukuyang'ana pa kuwala. Kukapindika pang'ono n'kubwerera, zili bwino. Kukabenthuka, bwezerani mu uvuni mutaonjezera madigiri 15. Kukapindika n'kukhala chomwecho, mpeni ndi wofewa. Ndipo mpeni wa ndiwo usuleni mpaka msana utsike pa mamilimita 2.5 kapena 3, mamilimita 8 aja ndi a nkhwangwa.

Mbewe, Mufakose

Zikomo kwambiri akuluakulu, zikomo mayi. Ndathyola umodzi monga ananenera a Banda, m'kati muli timibulu tonyezimira toti n'kuwerenga ndi maso. Ndili ndi mafunso ena. Ku Siyaso ndimaona anthu akuviika makasu ndi nkhwangwa m'madzi osang'aluka, zimatheka bwanji? Oyilo wakutha wa injini, poti amapezeka mosavuta, sangalowe m'malo mwa mafuta ophikira? Tinkhwangwa tija ndiviike tonse kapena kukamwa kokha? Chinanso ndi makala: ndowa ya malita 20 ikutha ola lisanakwane, ndipo chitsulo chikutuluka ndi makoko ochindikala.

Mwale, Chitungwiza

Ndiyankhe za moto, a Mbewe, chifukwa shuga mwapeza m'chitsulomo wayambira pamenepo. Rimu ndi yotakata komanso yosazama, ndipo kamakina ka tsitsi kamapereka mphepo yambiri kuposa imene makala amafuna. Mukuwotcha makala a m'mbali opanda ntchito, pomwe chitsulo chakhala pamphuno penipeni pa mphepo. Moto wa chipala uli ndi zigawo. Pafupi ndi paipi pali mpweya umene sunapse, ndipo umenewo ndi umene umadya chitsulo: makoko, kutaya kaboni, kupserera. Pamwamba pake, pamene makala amaliza kudya mpweyawo, ndi pamene chitsulo chiyenera kukhala.

Rimu yomweyo ikhoza kukonzeka. Sakanizani dothi la pachulu muyezo umodzi, mchenga miyezo iwiri, phulusa muyezo umodzi, madzi ochepa oti mukafumbata chigwirane osadontha. Tsekani bowo la pansi. Matani m'kati mwa rimu mpaka patsale ngalande ya masentimita 10 m'lifupi, 12 mpaka 15 kuzama, yotseguka kutsogolo ndi kumbuyo kuti chitsulo chachitali chizidutsa. Ngati rimu yachepa kuzama, kwezani makoma ndi njerwa ziwiri. Mphepo ibwere cham'mbali ndi paipi yakuda ya mamilimita 20 kapena 25, masentimita 4 kuchokera pansi pa ngalande, yopendekera pansi pang'ono, mphuno yake yokutidwa ndi dothi kuti isapse. Iume masiku awiri kapena atatu, moto woyamba ukhale waung'ono. Chitsulo chizikhala chogona, masentimita 6 kapena 7 pamwamba pa paipi, ndi makala ena masentimita 4 pamwamba pake. Osachibaya chozondotsa kulowa pansi pa moto.

Paipi yake ndanena yakuda dala. Ya madzi yonyezimira ija ili ndi zinki, ndipo ikapsa imatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa: mutu, kuphwanya m'thupi, kuzizidwa usiku ngati malungo. Chitsulo chilichonse chokutidwa choncho chisayandikire moto. Ngati palibe china, chigone mu viniga panja mpaka zinki yense achoke.

Makala aduleni akhale a masentimita 2 kapena 3, ngati dzira la nkhunda, musefe fumbi. Akuluakulu amasiya mipata imene mphepo imadutsa osapsa n'kukafika pachitsulo. Fumbi limatseka moto n'kumauluka. A tsanya ndi olemera ndipo amakhalitsa, a bulugamu amayaka msanga n'kutha msanga koma amasula bwinobwino. Dziwani kuti makala a mitengo yachilengedwe ali ndi malamulo ake kuno, a Forestry Commission, bungwe la boma loona za nkhalango, salola kuwotcha ndi kugulitsa mwachisawawa. Onyowa amathetheka n'kumalasa kumaso, asungeni pouma nthawi ya mvula.

Mphepo ichepetseni. Kamakinako musakalumikize ku paipi, siyani mpata wa zala zitatu kapena zinayi, muzikasendeza pofuna kuonjezera kapena kuchepetsa. Makala akamavina kapena kuuluka, mphepo yachuluka. Chitsulo chikakhala pa chosulirapo, zimitsani. Makala sazima msanga, ndipo kuzimitsa kokhako kumapulumutsa makala ambiri. Mukatero ndowa yanu ija iyenera kukufikitsani maola awiri kapena kuposa. Chabwino kuposa kamakina ka tsitsi ndi fani ya hita ya galimoto, ya mavoti 12, imene imapezeka kwa ophwasula magalimoto ku Gazaland, ku Highfield. Imayenda ndi batire, magetsi akathima ntchito siima, ndipo ili ndi masipidi ake. Mvukuto wa manja kapena fani yopukusa ndi gudumu la njinga ndi wabwinonso pa makala, chifukwa mkono ukaleka mphepo imaleka.

Ena adzakuuzani za malasha a ku Hwange. Amatentha kwambiri ndipo amakhalitsa, koma osapsa amafuka utsi wachikasu wa salufa umene m'malokeshoni a nyumba zothithikana ungakudanitseni ndi anansi. Coke, amene ndi malasha owotchedwa kale mpaka utsi wake kutha, alibe utsi wotero koma amafuna mphepo yosalekeza, mukazimitsa fani amazima, ndipo amasiya zinyalala zolimba ngati galasi zimene zimatseka paipi. Pa mipeni ndi tinkhwangwa makala ndi oyera ndipo ndi okwanira.

Phiri, Highfield

Za madzi a ku Siyaso, a Mbewe, yang'anitsitsani chimene akuviika ndi mmene akuviikira. Zitsulo zina zimene amasulira makasu zili ndi kaboni wochepa, ndipo zotero zimafunadi madzi kuti zilimbeko. Chitsulo cha mageti, cha kaboni wa m'ma 0.2 peresenti, ngakhale muchimize m'madzi oundana sichilimba moti n'kusunga kuthwa, komanso siching'aluka. Amene akuviika sipuling'i m'madzi mudzaona kuti ndi nkhwangwa ya kukamwa kochindikala, moto wake ndi wofiira chabe, ndipo amangonyika kukamwa kamphindi n'kutulutsa, moto wotsala m'thupi la nkhwangwa n'kubwerera kudzaphwetsa ukali. Ndi luso la zaka, ndipo nawonso zina zimawang'alukira. Mpeni wopyapyala sungapirire zimenezo.

Oyilo wa injini amalimbitsa ndithu, sindikana. Koma wakutha amakhala ndi tizitsulo, zotsalira za petulo kapena dizilo, nthawi zina madzi. Amayaka msanga, utsi wake ndi woipa m'chifuwa, amasiya chikhungu chakuda chovuta kukhula, ndipo wa lero safanana ndi wa mawa, choncho simungadziwe chimene chalakwika zinthu zikavuta. Malita 5 a mafuta ophikira, mukamawavundikira ndi kuwasefa, amagwira ntchito miyezi yambiri. Pa mpeni wodulira chakudya ine ndingasankhe amenewo.

Nkhwangwa yathu ija ya kamchira kolowa mumpini isalimbe yonse. Kamchira kakalimba kamathyokera mumpini tsiku loyamba. Ipumitseni katatu monga mwa nthawi zonse, kukamwa musiye mamilimita 2 kapena 3. Wotchani masentimita 4 kapena 5 a kutsogolo okha mpaka moto woviikira, thupi lingofunda osafiira. Mizani kukamwa m'mafuta masentimita 3, mukukweza ndi kutsitsa pang'ono kuti pasakhale mzere umodzi wolekanitsa polimba ndi pofewa, chifukwa mng'alu umakonda mzere wotero. Kunyika theka kumayatsa mafuta pamwamba kawirikawiri, choncho gwirani ndi mbaniro zazitali, nkhope kutali, ndipo chotengera chikhale chotakata. Kufiira konse kukatha mizani yonse. Kenaka uvuni pa 250 monga anenera mayi Nankhoma, kapena tenthetsani kuchokera ku kamchira mpaka mtundu wa tiyi wolowera ku pepo ufike kukamwa. Ponola musaipyapyalitse ngati mpeni, kukamwa kukhale kokhuta, ngodya yake cha m'ma madigiri 30 mpaka 35 mbali zonse pamodzi, m'mbali mwake motukuka pang'ono kuti isamakanirire mu mtengo.

Poboola mpini ndi moto, sulani kachitsulo kena kofanana ndi kamchirako kuti ndiko muziwotchera bowo. Mukawotchera nkhwangwa yomalizidwa, moto umayenda mpaka kukamwa n'kufewetsa ntchito yonse. Ngati mwakakamizika kutero, kulungani kukamwa ndi chiguduli chonyowa. Bowo lisapse mpaka kamchira kalowe konse. Siyani pang'ono kuti kamalize kulowa pomenya, ndipo palani makala a m'bowomo, apo ayi nkhwangwa imayamba kugwedera akangofumbutuka.

Banda, Mbare

Wa nthochi uja musautaye, ndipo musayese kuuwongola wozizira, uthyoka. Upanireni ku chitsulo changodya chowongoka ndi zopanira ziwiri zachitsulo, msana wa kupindikako utayang'ana kunja, muike mawashala kunsonga ndi kumchira kuti pakati pakapanidwa upyole pang'ono mbali inayo, mamilimita 1 kapena 2. Koma izi zichitike pa ulendo wachiwiri wa mu uvuni. Woyamba ulowe womasuka, chifukwa usanaphwe ukali ukhoza kuduka pomanga zopanira. Uzizire uli chopanidwa. Ukakana, onjezerani washala mubwereze pa moto womwewo, kubwereza sikuufewetsa bola madigiri asakwere. Poti unaviikidwa pa moto wopyola, m'kati mwake mulinso shuga, ndiye kunena zoona chabwino n'kuuwotcha, kuuwongola wamoto ndi nyundo yamtengo, kuupumitsa katatu n'kuviikanso m'mafuta, ngati viniga sanaonetse mng'alu.

Pa mipeni ikubwerayi, konzeranitu zitsulo ziwiri zangodya mu vayisi musanayambe. Mpeni ukakhala m'mafuta masekondi 10 mpaka 12, utulutseni ukufuka utsi koma osayaka. Pa nthawi imeneyo umakhala usanamalize kuuma, ndipo muli ndi masekondi ngati 30 oti muuyang'ane motsata msana, muuwongole ndi manja ovala magolovesi achikopa, kapena muupane pakati pa zitsulo zija mpaka uzizire. Mukamva wayamba kukana m'manja, lekani pomwepo, zotsalazo mukamalizire mu uvuni.